Ndikufuna kusunga mnyamata wogona pakhonde ku Limbe, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina

Admin ndibiseni dzina chonde. Moni nonse pa gulu pano. Nkhani iyi yandisowetsa tulo, ndiye ndikupempha nzeru kwa amene munachitapo zotere kapena mumagwira ntchito yoona za ana.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimachita geni ya tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe. Pali mnyamata amene amanditsitsira madengu m'mamawa katundu akafika kuchokera ku Bvumbwe. Akuti ali ndi zaka 16, kwawo ndi ku Phalombe. Mayi ake anapita ndi madzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, bambo omupeza n'kukwatira kwina, iye n'kutsika m'tauni. Masana amagulitsa majumbo, usiku amagona pakhonde la sitolo ndi anzake, miyendo atailowetsa m'thumba la saka. Chiperoni chikuwomba masiku anochi nonse mukuchidziwa. Sabata yatha anabwera ndi bala pamwamba pa diso, magazi ataumira m'nsidze, akuti anyamata akuluakulu anamulanda ndalama zimene anapanga tsikulo. Ndikamutuma ndi ndalama amabweza chenji yonse, sanandibisirepo ngakhale K50.

Kunyumba tili ndi boyizikota yongokhala chichokereni alamu anga. Mtima wanga ukuti ndimutenge. Bambo akunyumba sanakane, koma akuti tili ndi mtsikana wa zaka 14 pakhomo, komanso mwanayo akadwala kapena kusowa tidzayankha chiyani kwa eni ake? Mawu amenewo ndikuwamva. Koma kumusiya pakhonde paja n'kumabwera kudzagona m'bulangete kukundikanika.

Ndiye abale ndithandizeni. Lamulo limalola kungomutenga? Ndikanene kuti? Nanga amene munasungapo mwana wa mumsewu, zinayenda bwanji?

Mayi wogwira ntchito zoona za ana, Zomba

Achemwali, Mulungu akudalitseni pa mtima umenewu, koma musamutenge kaye mawa. Kuyambira 2017 pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndiye uyu sali ngati mlendo wamkulu amene mungangomupatsa chipinda. Lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act lili ndi njira yake yoti mwana aleredwe ndi banja losakhala lake, ndipo njirayo imadzera ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu. Inu ndi ya Blantyre. Mukafika kumeneko amalemba nkhani ya mwanayo, amayesa kufufuza abale ake kumudzi, amabweranso kudzaona pakhomo panu ngati mwana angakhalepo bwino.

Anthu ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi, koma kalata imeneyo ndi imene idzakutetezeni. Tili ndi lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, ndipo mwana wochokera ku boma lina akapezeka pakhomo panu popanda amene akudziwa, akunyamulanso madengu anu, munthu wokuipirani mtima akhoza kukuneneza zoti mukumugwiritsa ntchito. Adziwitseninso amfumu a m'dera lanu ndi a Victim Support Unit ku polisi yapafupi. Mukasowa poyambira imbani 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana. Ku Blantyre kulinso a Chisomo Children's Club amene akhala akugwira ntchito ndi ana a mumsewu kwa zaka zambiri, mwinanso mnyamatayo akumudziwa kale.

Funso langa kwa inu: mwini wakeyo mwamufunsa zimene akufuna?

Bambo wa ku Area 25

Ine ndinasungapo wina, ndinamugulira yunifomu mpaka kumulembetsa sukulu. Tsiku lina tinadzuka kulibe, foni ya akazi anga kulibenso. Sindikunena kuti onse ali choncho, koma konzekani mtima. Zinthu za mtengo musamasiye poyera miyezi yoyambayi, osati chifukwa ndi wakuba ayi, koma musamuike pa mayesero.

Mnyamata wokonza magalimoto, Ndirande

Amayi, ndilankhuleko ine amene ndinagonako m'makonde amenewo ndisanaphunzire umakaniki. Anthu amatitchula ana masikini, amaganiza kuti ukangotipatsa bedi basi zatha. Sizitha msanga choncho.

Usiku woyamba m'nyumba ya eni sugona. Wazolowera kugona diso limodzi lili maso, ndalama utaika m'kabudula wamkati, ndiye chitseko chikangotsekedwa umaona ngati akutsekera. Mupatseni kiyi wa chipindacho akhale naye yekha. Chachiwiri ndi anzake. Amene mukuwaona ngati ana oipawo ndi amene amamugawira chigumu akadwala, ndiye mukadzati usadzapitenso kwa anzako aja adzathawa. Ndipo ndikuuzeni zoona, akhoza kuthawa ndithu ngakhale mumusamale bwanji. Chimene chinandisunga ine n'chakuti amayi amene ananditenga, nditathawa n'kubwerako patatha masabata ndili mbuu, sanandifunse zambiri. Anangoti madzi ali pamoto, kasambe.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi ichi: kudyera kuseri kwa khitchini pamene ana a pakhomo akudyera patebulo. Anzanga angapo anatengedwa ndi mabanja opemphera bwino, koma mapeto ake anasanduka antchito osalipidwa, kukolopa, kuchapa, kutunga madzi, ana a eni ali kusukulu. Onsewo anabwerera mumsewu. Ngati azinyamulabe madengu anu, muzimulipira monga mmene mumamulipirira panopa. Ntchito za pakhomo agawane ndi ana anu mofanana.

Za sukulu musamukakamize kukakhala mu Sitandade 5 ndi tiana tating'ono ngati sakufuna, manyazi amaposa njala. Mufunseni za luso. Ukalipentala, kuwotcherera, umakaniki, ndipo a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso, ali ndi maphunziro ophunzirira pa ntchito kwa amisiri. Pa zaka 16 akhozanso kujambulitsa chiphaso cha unzika ku NRB, chimenecho chidzamuthandiza kwambiri apolisi akamasesa m'tauni usiku.

Mayi wa ku Leeds

Asisi, ndikuuzeniko mmene zimayendera kuno ku England, mwina mutolapo kanthu. Kuli ndondomeko yotchedwa Nightstop imene inayambira konkuno ku Leeds mu 1987, pano imayang'aniridwa ndi bungwe la Depaul UK. Mabanja odzipereka amalandira achinyamata osowa pogona, makamaka a zaka 16 mpaka 25. Umamupatsa chipinda chake, chakudya chotentha chamadzulo, posamba, pochapira zovala ndi kadzutsa. Koma usanalandire aliyense amayamba akufufuza ngati unapalamulapo mlandu, amabwera kudzaona nyumba, amakuphunzitsa. Wachinyamatayo nayenso amamufunsa mafunso asanamutumize, ndipo pali nambala yoimba usiku uliwonse zikavuta.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti amagwirizana usiku umodzi umodzi, uku a bungwe akumufunira pokhala pokhazikika kapena kumuyanjanitsa ndi abale ake. Palibe amene amalonjeza kuti ukhala pano mpaka kalekale. Inunso mukhoza kuyamba ndi nyengo yozizirayi yokha, onse awiri mukudziwa kuti mudzakhalanso pansi n'kukambirana. Kulonjeza mwana wamasiye kuti pano ndi kwanu, kenako n'kudzamuchotsa zitavuta, kumamupweteka kuposa pakhonde paja.

Agogo a ku Mzimba

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwanawe. Ife tinalera ambiri osawabala. Koma nkhani ya mtsikana wanuyo musaipeputse. Mukhale naye pansi panokha mumve maganizo ake, ndipo adziwe kuti chilichonse chomusowetsa mtendere akhoza kukuuzani osakalipiridwa. Mnyamatayo azigona kuboyizikota, ndipo awiriwa asamatsale okha pakhomo inu muli kumsika. Amuna anunso avomere ndi mtima wonse, osati kungokhala chete. Akavomera mokakamizika, tsiku limene kudzasowe ngakhale supuni mlandu udzagwera mwanayo.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ndawerenga uliwonse mpaka misozi. Achimwene a ku Ndirande, za kiyi ndi za patebulo ndazisunga.

Lero nditatseka geni ndinamugulira tiyi ndi mandasi n'kumufunsa monga munanenera achemwali a ku Zomba. Anakhala chete nthawi yaitali akupukusa kapu m'manja. Kenako anati pogona akupafuna, koma wandiuza chinthu chimene sindimachidziwa: kumudzi kuli mlongo wake wamng'ono amene akukhala ndi agogo awo, ndipo ndalama za majumbozo zina amatumiza kumeneko akapeza wopita. Ndiye akuopa kuti akasiya msika mwanayo agona ndi njala. Nditatchula za Social Welfare nkhope inasintha, akuti amenewo akamupereka kupolisi kapena akamutumiza ku Mpemba kumene amasunga ana olakwira malamulo. Ndamuuza kuti sanalakwe kanthu koma sakukhulupirira.

Bambo akunyumba avomera kuti tipitire limodzi ku ofesiko Lolemba, ndipo mwana wanga wamkazi ndicheza naye usiku uno. Achemwali a ku Zomba, kodi n'zotheka kuti tiyambe tapita ife tokha, iye adzapite ulendo wachiwiri mantha atachepa?

Mayi wogwira ntchito zoona za ana, Zomba

N'zotheka, ndipo ndi bwino kutero. Pitani awiri ndi ziphaso zanu, mukafotokoze zonse kuphatikizapo za mlongo wakeyo ndi agogo, chifukwa ofesi ya ku Phalombe ikhoza kukawayendera. Mukapemphe kuti wogwira ntchito mmodzi adzakumane naye kumsika konko, pa benchi panu pamene iye wazolowera, inu muli pomwepo. Mumuuziretu tsiku lake ndi zimene akafunsidwe, musamudzidzimutse. Mudzatiuze mmene mwayendera Lolembalo.