Anapiye a pheasant akungoonda m'khola la kunkhalango

aPhiri (Norfolk, ku England): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Anapiye a pheasant (mbalame zoweta kuti alenje adzazisake) a masabata 7 tinawasamutsira m'khola la kunkhalango sabata yatha. Lero m'mawa ndatola akufa 9. Ena angozyolika, mapiko ali pansi, zitosi zachikasu zathovu. Ukamugwira pachifuwa, fupa lili ngati mpeni. Bwana akungondiyang'ana, poti alenje ayamba pa 1 Okutobala.

aBanda: Pepani achimwene. Si chitopa chimenecho?

Nachisale: aBanda, inu chilichonse ndi chitopa basi, ngati tili ku Dedza! aPhiri, akuyasamula kapena kutsokomola uku akupukusa mutu? Ngati akutero ndi gapes, nyongolotsi zofiira zija zokhala m'kholingo. Amazitola akamadya nyongolotsi za m'dothi. Mankhwala a nyongolotsi a Flubenvet m'chakudya masiku 7 zimatha.

aPhiri: Ayi mayi, kupuma ali bwinobwino. Chakudya akungochimwaza osadya.

aMbewe (Shropshire): Thovu lachikasu ndi kuonda msanga chonchi, ine ndikuona hexamita, matenda a tizilombo ta m'matumbo. Coccidiosis, matenda enanso a m'matumbo, imafanana nayo, n'chifukwa chake musagule mankhwala mongoganiza. Kachilombo kotsegula m'mimba ka rotavirus iwalani, imeneyo imagwira tianapiye ta sabata imodzi kapena awiri. Koma mvetsani apa: kwa dokotala wa ziweto musapite ndi akufa aja. Tizilombo ta hexamita timafa mbalame ikangozizira, pa microscope saona kanthu. Ine chaka china ndinanyamula thumba la mitembo, ulendo wa ola lathunthu, n'kubwerako chimanjamanja. Tengani amoyo atatu kapena anayi odwala, akawaphere komweko n'kupala matumbo. Mankhwala a Emtryl amene ankatipulumutsa kale analetsedwa, ndiye za mankhwala akuuzeni dokotalayo.

Nachisale: Komanso akayamba kufa ambiri nthawi imodzi, mitu itatupa, musanyamule mbalame kupita nazo kulikonse. Imbirani APHA, bungwe la boma loona za matenda a ziweto, ndi lamulo, mwina ndi chimfine cha mbalame.

aPhiri: Ndabwerako kwa dokotala. Ndi hexamita ndithu aMbewe, ndaonanso ndekha tizilomboto tikuyendayenda pagalasi la microscope. Coccidiosis yochepa. Wandipatsa mankhwala othira m'madzi ndi ma electrolyte, michere yobwezera madzi m'thupi. Koma wandifunsa kuti zomwera zili pati, ndinachita manyazi. Mvula ija inasiya chithaphwi pansi pake, anapiye akumwa m'matope momwe akunyeramo.

aMbewe: Ndi pomwepo. Sunthani zomwera tsiku lililonse, muzitsuke, chithaphwicho mutchingire ndi waya. Muli angati m'kholamo?

aPhiri: 600, khola lake la 400.

aMbewe: Eee! Zimenezo kauzeni bwana lero lomwe, asadikire mawa.