Wogula wamkulu akamapanikiza sapulaya, mphamvu ili kwa ndani?

Wazamafakitale: Akuluakulu, tithandizane. Tiyerekeze fakitale yopanga zipangizo zapulasitiki imagulitsa 60% ya katundu wake kwa kampani imodzi. Kampaniyo ikufuna mtengo utsike ndi 5%, komanso izilipira pakatha masiku 90 m'malo mwa 30. Fakitaleyo ingakane osataya msika?

Wowerengera_ndalama: Muyambe mwawerengetsa, chifukwa apa akudula kawiri. Masiku 60 owonjezerawo ndi ngongole imene fakitale ikupatsa wogula popanda chiwongoladzanja. Ngati banki ikubwereketsa pa 18% pachaka, masiku 60 akudya pafupifupi 3% ya mtengo. Ndiye kuchotsera kwenikweni ndi 8%, osati 5%. Phindu likakhala 10%, latsala 2%, ndipo mtengo wa pulasitiki ukangokwera pang'ono mwayamba kugulitsa moluza.

Wazogula: Zoona, achimwene, koma mphamvu sili pa kukula kwa kampani. Dzifunseni kuti wogulayo atakusiyani lero, zingamutengere nthawi yaitali bwanji kupeza wina. Pa pulasitiki nkhani imagona pa zikombole zoumbira katunduyo. Ngati analipira ndi wogula, amangozinyamula n'kupita nazo kwa opikisana nanu. Ngati ndi zanu, ayenera kupangitsa zatsopano, kuyesa masampulo, kenako kuvomereza wopanga watsopanoyo, ndipo zimenezi zimadya miyezi. Pamenepo mpata wokana ulipo.

Taonani zimene zinachitikira makampani a magalimoto. Mu 2020 anachepetsa maoda a ma chip, tizipangizo ting'onoting'ono tamagetsi timene timayendetsa makompyuta a m'galimoto, poganiza kuti malonda agwa. Opanga ma chip anapereka mpata umene unatsalawo kwa opanga makompyuta ndi mafoni. Magalimoto atayambanso kuyenda malonda, mu 2021 mafakitale akuluakulu anaimitsa ntchito chifukwa cha kachipangizo kakang'ono. Amene anazolowera kulamula anaima pamzere.

Mayi_wamakontirakiti: Ine ndikuti musakane, komanso musavomere ulele. Akafuna 5%, alembe mu kontirakiti kuchuluka kwa katundu amene azigula pachaka, ndi chindapusa akalephera. Muikemonso ndime yoti mtengo uziunikidwa miyezi itatu iliyonse malinga ndi mtengo wa pulasitiki pamsika. Ambiri amaiwala ndime imeneyi n'kumalira pakati pa chaka. Masiku olipira muziwerenga kuyambira tsiku la invoisi, osati tsiku limene wogula "wavomereza" katundu, apo ayi 90 imasanduka 120.

Malamulo musawadalire kwambiri. Mwachitsanzo, lamulo la European Union la 2019 limaletsa kulipira patadutsa masiku 30 pa zakudya zosachedwa kuwonongeka, koma limateteza a zaulimi ndi zakudya okha.

Wazogula: Mayi anena zoona, kungoti ogula nawo sagona. Ambiri amagawa maoda, mwina 70% kwa mmodzi, 30% kwa wina, kuti wachiwiriyo akhale wokonzeka nthawi zonse. Musanakambirane, fufuzani ngati wachiwiriyo alipo kale ndiponso ngati makina ake angakwanitse gawo lanu lonse.