Za funso langa lija la maphunziro a zojambula

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa ngati munthu wa digiri ya uphunzitsi ngati ine angalowe masitazi ya zojambula osadzera kwina. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achemwali aja anati ndisapupulume.

Ndapeza kuti sukulu za ku UK zimayang'ana kwambiri portfolio, kutanthauza zojambula zako zimene wasonkhanitsa poonetsa luso lako, osati pepala lokha. Amene tinaphunzira zina titha kuyamba ndi Graduate Diploma ya chaka chimodzi, monga ya ku Chelsea College of Arts ku London, kenako n'kufunsira masitazi. Mayeso a Chingerezi a IELTS akufunikanso. Koma fizi ya maphunzirowa, eee, ukaiwerengera m'makwacha mutu umazungulira.

Ndiye ndayamba ndi zomwe ndingathe. Loweruka ndinapita ndi zojambula zanga kwa mkulu wina waluso ku Ndirande. Anaziyala pamkeka n'kupatulapo zitatu zokha: ziwiri za makala za amayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe, ndi ya kondakitala atakoleka mutu pawindo la minibasi. Za Phiri la Mulanje zija ndimazinyadirazi anati n'zogulitsa kwa alendo. Zinandiwawa, koma sananame. Anatinso ndisataye masikechi, ngakhale othimbirira, poti osankha ophunzira amafuna kuona mmene ganizo linakulira.

Panopa ndikusaka wondijambulira zithunzi za ntchitozi. Kamera ya foni yanga ikuonetsa makala ngati mwaye basi.