Zithunzi za mbalame za pa Nyika zatuluka mbuu: kodi vuto ndi lenzi?

Mayi Nyirenda: Akuluakulu anzanga pantchito yojambula, ndikupempha nzeru. Mwezi wa Seputembala ndinakhala masiku anayi ku Chelinda, pa Nyika, ndikulondola mbalame yaikulu ija yoyenda m'udzu yotchedwa Denham's bustard. Ndinali ndi lenzi yokokera zinthu zakutali ya 600mm ndipo mbalameyo ndinaipeza kangapo, koma palibe chithunzi ndi chimodzi chomwe choti ndingagulitse. Pena udzu ndi umene waoneka bwino mbalame ili mbuu, pena chithunzi chonse chikuoneka ngati chajambulidwa kudzera m'madzi. Kodi lenzi inawonongeka ndi mabampu a msewu wochokera ku Rumphi?

Bambo Gondwe: Mayi, musafulumire kupita nayo kwa okonza. Munkajambula nthawi yanji, ndipo mbalameyo inali patali bwanji?

Mayi Nyirenda: Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka masana, poti m'mawa kunkazizira kwambiri. Ndikangotsika m'galimoto inkachoka, choncho ndinkaijambula ili mamita pafupifupi 80.

Bambo Gondwe: Pamenepo ndikukayika ngati lenzi ili ndi mlandu. Nyika ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, mphepo yake ndi yozizira koma dzuwa limatenthetsa nthaka msanga, makamaka pamene udzu wapsa. Mpweya wotentha wochokera pansi ukamasakanikirana ndi wozizirawo umagwedezeka ngati pamwamba pa tala masana, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kugwedezeka kumeneko pamodzi ndi mbalameyo. Ngakhale mutakweza liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) kufika pa 1/2000 ya sekondi, sizithandiza. Valani jekete, mukafike pamalo dzuwa lisanatuluke, ndipo pofika 9 koloko muzikhala mutamaliza. Kuti mtima ukhale pansi, mawa m'mamawa jambulani chikwangwani chili mamita 10, kamera ili pa tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu), muone ngati zilembo zituluke zakuthwa.

Bambo Chirwa: Ndikugwirizana ndi a Gondwe, koma nkhani ya udzu ndi ina. Kamera ikamasankha yokha poyang'ana, imagwira chimene chili pafupi, ndiye kuti ngala za udzu. Sankhani kadontho kamodzi kokha ka focus (kouza kamera poyang'ana), mudikire mbalame itukule khosi pamwamba pa udzu, kenako mulozetse pamutu. Komanso musatsike m'galimoto, chifukwa mbalame imeneyi imalekerera galimoto kusiyana ndi munthu woyenda pansi. Zimitsani injini, ikani kathumba ka mpunga pawindo ndi kutsamiritsa lenzi pamenepo. Ine ndimagula mpungawo pamsika wa ku Rumphi, ndikamabwerera ndimausiyira alonda.

Mayi Nyirenda: Zikomo kwambiri, bambo Gondwe ndi bambo Chirwa. Chikwangwani chija ndachijambula lero 6 koloko m'mawa ndipo chilembo chilichonse chatuluka chakuthwa, kotero lenzi sikupitanso kwa okonza. Ndibwerera ku Chelinda mvula isanayambe, msewu usanavute.