Ndikufuna kumanga khola lalikulu la mbalame m'chipinda, ndiyambire pati?

Nthengazanga:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi ma budgie anayi ndi ma cockatiel awiri (mitundu ing'onoing'ono ya zinkhwe) m'timakola tating'ono togula, ndipo ndikufuna kuwamangira khola limodzi loti munthu n'kulowamo, m'chipinda chomwe sichikugwiritsidwa ntchito. Malo omwe ndingapatule ndi mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mamita 2 kupita m'mwamba. Ndigule waya wanji, nanga matabwa aliwonse angachite? Pansi ndiyalepo chiyani kuti kusesa kusamavute? Ndikulingaliranso zoonjezeramo timbalame tating'ono totchedwa ma zebra finch.

Mmisiri_wa_makola:
Malo amenewo akwanira mbalame zomwe muli nazozo. Chomwe mbalame imafuna kwambiri ndi mtunda wouluka chopingasa, choncho mamita 2 a m'litaliwo ndiwo chuma chanu, musawadzaze ndi zinthu pakati.

Nkhani yaikulu ili pa waya. Waya wa nkhuku uja wa mabowo a makona asanu ndi limodzi musagule: ndi wofewa, cockatiel amapinda ndi mlomo, ndipo pomwe mawaya apotana pamakola zala. Funani waya wowotcherera wa mabowo a makona anayi, wa mamilimita 12.5 kwa 12.5 kapena 12.5 kwa 25. Bowo likakula kuposa pamenepo, budgie amalowetsa mutu n'kulephera kuutulutsa, ndipo pophupha amadzipweteka khosi. Pa kunenepa kwake, geji 19, yomwe ndi pafupifupi milimita imodzi, imakwanira ma finch ndi ma budgie, koma poti muli ndi ma cockatiel tengani geji 16, pafupifupi mamilimita 1.6. Nambala ya geji ikamatsika ndiye kuti waya ndi wonenepa, ambiri amasokoneza pamenepa.

Waya wambiri amakhala wokutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri, ndipo zinkiyo ndi poizoni kwa mbalame. Ma budgie ndi ma cockatiel amakwera waya ndi mlomo tsiku lonse, ndiye amameza timibulu ta zinki totsalira m'makona a mabowo komanso ufa woyera womwe umatuluka pa waya watsopano. Mbalame yotere imafooka, imamwa madzi kwambiri, imasanza, zitosi zimakhala zamadzimadzi, ndipo nthawi zina imakomoka. Ngati thumba likulola, gulani waya wa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri, muiwale za vutoli. Ngati ayi, musanakhome, palani timibuluto, kwechani waya yense ndi burashi yawaya ndi viniga, tsukani ndi madzi ambiri, muumitse, kenako mubwereze.

Matabwa akhale a paini osathiridwa mankhwala, a mamilimita 38 kwa 38 kapena 50 kwa 50. Matabwa obiriwira aja omwe anamwetsedwa mankhwala a chiswe asayandikire mbalame. Pangani mafelemu osiyanasiyana n'kuwalumikiza ndi mabawuti, kuti tsiku lina mudzathe kumasula ndi kutulutsa pakhomo. Yambani mwayeza m'lifupi mwa mpukutu wa waya wanu, mafelemu atsatire muyesowo, kuti m'mphepete monse mugwere pa thabwa. Khomani waya cha mkati mwa felemu, ndi timisomali tokhota (ma staple) totalikirana masentimita 10, kuti mlomo usafike pa thabwa, ndipo nsonga zodulidwa muzipale kapena muzibise ndi kathabwa. Mbali zogunda khoma muziike bolodi yosalala yotheka kupukuta, chifukwa penti wakale wa pakhoma akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo mbalame zimakonda kumunya.

Chitseko chikhale chachifupi, cha mita 1.2 kapena 1.4, muzilowa mowerama. Mbalame ikadzidzimuka imathawira m'mwamba, ndiye chitseko chofika kudenga ndi njira yothawira. Pangani kazenera kakang'ono pambali koperekera chakudya kuti musamalowe kawirikawiri. Chitseko cha chipinda ndi mazenera zizikhala zotseka musanatsegule khola, ndipo ngati kudenga kuli fani, izikhala yozima.

Namapiko:
Pa zomanga anena bwino amisiri, koma viniga ameneyo musamudalire kwambiri. Amachotsa ufa wa pamwamba wokha, zinki imatsalabe pa waya. Choncho muziyang'ana waya mwezi ndi mwezi, pakatuluka ufa woyera mukwechenso, pakachita dzimbiri musinthe chigawocho. Mbale, matcheni ndi mabelu okutidwa ndi zinki asalowe n'komwe.

Ine nditsindike za mpweya, chifukwa mbalame zambiri za m'nyumba zimafera pamenepo mwiniwake osadziwa chapha. Mbalame ili ndi timatumba ta mpweya kuphatikiza pa mapapo, ndipo chilichonse chili mumpweya chimailowa msanga kuposa munthu. Mapoto ndi mapani osamatirira chakudya, okutidwa ndi PTFE, omwe ambiri amawatcha Teflon, akatentha kwambiri amatulutsa utsi wosaoneka womwe ungaphe mbalame m'kanthawi kochepa, ngakhale zili m'chipinda china. PTFE yomweyo imapezekanso pa mahita ena ndi pa mababu ena otenthetsera, ndiye muziwerenga bokosi musanagule. Utsi wa fodya, wa makala, makandulo onunkhira, mankhwala opopera udzudzu, zonunkhiritsa m'nyumba ndi fungo la penti wosauma, zonsezi zisafike m'chipindamo. Chipinda choyandikana ndi khitchini si chabwino.

Mbali ina ndi fumbi lochokera kwa mbalamezo. Ma cockatiel ali ndi nthenga zomwe zimanyenyeka n'kukhala ufa woyera, ndipo awiri okha amayeretsa chipinda chonse. Fumbi limeneli pamodzi ndi zitosi zouma limadwalitsa mapapo a munthu akamalipuma kwa nthawi yaitali, komanso ndi momwe matenda a psittacosis amadutsira kuchoka kwa mbalame kupita kwa munthu. Musamasese pouma. Wazani madzi kaye, kenako mupukute. Makina osefa mpweya okhala ndi sefa yogwira fumbi losalala kwambiri, yotchedwa HEPA, amathandiza kwambiri, koma omwe amatulutsa mpweya wa ozone ayi. Mpweya uzilowa ndi kutuluka m'chipinda, bola mphepo isamaombe molunjika pomwe mbalame zimagona. Kutentha kwa pakati pa madigiri 18 ndi 27 kuli bwino, choopsa ndi kusintha kwadzidzidzi.

Kuwala nako. Galasi la zenera limatchinga UVB, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso komwe thupi la mbalame limapangira vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu salowa bwino m'thupi. Mafupa amafooka, zazikazi zimavutika kutulutsa dzira. Ikani babu la UVB lopangidwira mbalame pamwamba pa khola, kunja kwa waya, lowala kuchokera m'mwamba, osati m'mbali momwe lingamaombe m'maso, motalikira monga alembera opanga, ndipo mbali ina ya khola ikhale ya mthunzi. Babuli limasiya kutulutsa UVB wokwanira likadali kuyaka, choncho limafuna kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12. Lumikizani ku taima, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yoikika, kuti mbalame zizipeza mdima wa maola 10 mpaka 12. Masana akatalika kwambiri, zazikazi zimangoikira mazira osalekeza. Koma siyani kababu kofooka kwambiri usiku: ma cockatiel amadzidzimuka mumdima wa bii n'kumadziwombetsa pa waya mpaka kuthyola nthenga zomwe zikumera kumene, ndipo nthenga zotere zimataya magazi ambiri.

Nthengazanga:
Zikomo kwambiri amayi, za babu usiku sindimazidziwa. Nanga za pansi ndi za ma finch zija? Komanso timitengo toteramo ndiike tingati?

Gogo_wa_mbalame:
Za ma finch, mwanawe, ine ndingati ayi pa khola la kukula kumeneku. Budgie ndi wamng'ono koma ndi wachipongwe, mlomo wake wokhota ungathyole kamwendo ka zebra finch, ndipo m'mamita 2 mulibe kothawira. Ngakhale ma cockatiel, pokhala ofatsa, amazunzidwa ndi ma budgie. Masabata oyamba muziwayang'anitsitsa, ndipo ikani mbale za chakudya malo atatu otalikirana, za madzi malo awiri, kuti wamphamvu asatsekereze anzake. Mabokosi oikiramo mazira musaike ngati simukufuna kuswetsa, ndewu zambiri zimayambira pamenepo. Mbalame iliyonse yatsopano izikhala kaye m'chipinda china masiku 30 mpaka 45, ndi mbale zakezake, ndipo muziisamalira pomaliza mukatha zakalezo.

Pansi yalani kapeti wa pulasitiki wa chidutswa chimodzi, wokwera m'mbali masentimita 10 kapena 15, m'mphepete mwake mobisidwa ndi thabwa kuti mbalame zisamumunye. Pamwamba pake muyale nyuzipepala. Ubwino wa pepala ndi woti mumaona zitosi m'mawa uliwonse, ndipo zitosi ndizo zimayamba kukuuzani kuti mbalame yadwala isanafooke. Utuchi ndi zitsononkho zogayagaya zimabisa zitosi, zimasunga chinyezi n'kuchita chuku, ndipo chuku cha Aspergillus chikalowa m'timatumba ta mpweya chimavuta kuchiza. Kuzungulira kunsi kwa khola khomani thabwa la masentimita 20 kapena 30 kuti mankhusu asamwazikire m'chipinda. Mbewa zazing'ono zimadutsa pa bowo la mamilimita 12, ndiye waya wanu sangaziletse. Choziletsa ndi kusesa zotayika madzulo aliwonse ndi kusunga chakudya m'chitini chotseka bwino.

Timitengo tikhale tochepa, tinayi kapena tisanu, tambiri kumapeto awiri a khola ndipo pakati pakhale poyera. Gwiritsani nthambi zenizeni zosiyana kunenepa, kuyambira mamilimita 12 mpaka 25, kuti phazi lisamapanikizike malo amodzimodzi n'kutuluka zilonda. Mapepala okhakhala omwe amakutira timitengo amapala mapazi, asiyeni. Nthambi za apulo ndi za bulugama zili bwino ngati mtengowo sunapoperedwe mankhwala, muzitsuke ndi kuziumitsa. Mtengo wa mapeyala (avocado) ndi poizoni kwa mbalame, chipatso, masamba ndi nthambi zomwe, chimodzimodzinso chitsamba cha maluwa chotchedwa oleander. Kamtengo kasakhale pamwamba pa mbale, ndipo kasayandikire waya moti mchira wa cockatiel uzikhula. Malo ogona apamwamba akhale okwanira onse pa msinkhu umodzi, apo ayi madzulo aliwonse azilimbirana.

Tsiku lililonse sinthani pepala, tsukani mbale za madzi ndi sopo, ndipo uzirani mankhusu pa mbale ya mbewu. Mbale imaoneka yodzadza pomwe muli mankhusu okhaokha, ndipo kambalame kakang'ono sikapirira njala kupitirira tsiku limodzi kapena awiri. Sabata iliyonse kwechani timitengo ndi pansi. Kamodzi pamwezi tulutsani mbalame, mutsuke dothi lonse kaye ndi sopo, kenako mupake bulitchi wosungunula, gawo limodzi pa magawo 32 a madzi, mudikire mphindi 10, mutsukuluze, ndipo mbalame zibwerere fungo litatheratu. Bulitchi ndi viniga musazisakanize, zimatulutsa mpweya wa klorini.

Mmisiri_wa_makola:
Ndionjezere chimodzi pa zomwe anena agogo, poti chikukhudza kamangidwe. Utitiri wofiira sukhala pa mbalame masana, umabisala m'ming'alu ya matabwa ndi molumikizana mafelemu, usiku n'kutuluka kukayamwa magazi. Ndiye matani ming'alu yonse musanalowetse mbalame, ndipo timitengo tikhale totheka kuchotsa. Mukaona mbalame zikudzikanda usiku ndi kuwodzera masana, pachikani kansalu koyera pafupi ndi pogona, m'mawa muyang'ane m'mapindo mwake timadontho tofiira toyenda. Mukatipeza, mankhwala akupatseni dotolo wa ziweto, ndipo muchize mbalame ndi khola lomwe nthawi imodzi. Mubwereze pakatha sabata, chifukwa mazira otsala m'ming'alu amakhala ataswa.