Ndithandizeni nzeru: ndikufuna kulukira mwana wa mlamu wanga kabulangete

Wofunsa, wa ku Chinamwali:

Amayi ndi abambo a m'gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa kuluka. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga, ndi woyembekezera, ndipo Mulungu akalola adzachira chakumayambiriro kwa mwezi wa Juni, nthawi imene kuno ku Zomba mphepo yotsika m'phiri imalowa mpaka m'mafupa, makamaka kukachita chiperoni. Ndaganiza kuti mphatso yanga ikhale kabulangete koluka ndi manja anga, chifukwa mashawelo a m'sitolo, matewera ndi zitenje abale ena adzabweretsa zambiri.

Kuluka ndinaphunzira ndili kupulayimale, ndipo ndimatha masitichi awiri oyambira aja, plain ndi purl, basi. Zimene ndinalukapo ndi zipewa ndi timasokosi, choncho sindikudziwa kuti kabulangete ka khanda kamakula bwanji, kamafuna masitichi angati, ndiponso kamadya wulu wochuluka motani. Mumsika waukulu ndaonamo wulu wofewa wonyezimira ndi wina wokhakhala pang'ono, koma ogulitsa amangoti wonsewo ndi wabwino kwa mwana.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi nkhani ya simbi. Mayi anga salola kuti nsalu iliyonse ikhudze khanda isanasitidwe, poopa mphutsi, koma ndamva kuti wulu wamasiku ano umasungunuka ukausita. Nanga ndilukirenji chinthu chimene agogo ake a mwana adzachiwononga tsiku loyamba kuchichapa? Mundiuzenso ngati n'koyenera kupereka mphatsoyi mayi asanachire.

Mayi wa ku Domasi:

Achemwali, plain yomwe mumathayo ndi yokwanira. Lukani plain mzere uliwonse, popita ndi pobwerera pomwe, ndipo nsalu yake idzatuluka yamizeramizera, yofanana kuseri ndi kumaso, yochindikala bwino komanso yogona yokha pansi. Mukamasinthanitsa mzere wa plain ndi wa purl mudzapeza nsalu yosalala ngati ya juzi, koma imeneyo imapindika m'mphepete ngati tsamba louma la nthochi, ndipo palibe chimene mungachite kuti iwongoke. Ngati mtima wanu uli pa yosalalayo, siyani masitichi 8 kumanja ndi 8 kumanzere akhale a plain okhaokha kuyambira pansi mpaka pamwamba, komanso mizere 14 yoyambirira ndi 14 yomalizira, kuti mkombero umenewo ugwire nsaluyo.

Kukula kwake kukhale masentimita 75 m'lifupi ndi 90 m'litali. Funani wulu wolembedwa kuti DK kapena double knitting, ndi singano za mamilimita 4. Wulu umenewu umapereka masitichi pafupifupi 22 pa masentimita 10, ndiye kuti mudzayamba ndi masitichi 160 kapena 165. Koma manja a anthu amasiyana, wina amamanga kwambiri wina amalekerera, choncho yambani mwaluka kachidutswa ka masitichi 30, mukaike patebulo osakakoka, muyeze masentimita 10 ndi kuwerenga masitichi amene alowamo. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 7.5. Masitichi 160 amathinana kwambiri pa singano zowongoka ndipo mikono imatopa ndi kulemera kwa nsalu, ndiye ngati mungapeze singano ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe ka masentimita 80 kapena 100, gulani zimenezo. Mumaluka chimodzimodzi, kutembenuza mukafika kumapeto kwa mzere.

Mipukutu ya magalamu 100 mugule isanu nthawi imodzi, ngakhale mwina inayi ndi theka ingakwane. Papepala lokulunga mpukutu pamakhala nambala ya mtundu ndi ina ya mphika umene anaunyikamo utoto. Zonse ziwiri zifanane, chifukwa chikasu cha mphika wina chimasiyana pang'ono ndi chinzake, ndipo kusiyanako kumaonekera bwino ntchito itatha kale. Wulu wopanda pepala muufananitse panja padzuwa, osati mumdima wa m'benchi. Muukhudzitsenso pakhosi panu: ukakuyabwani inu, khanda udzaliyabwa koposa.

Mpukutu ukamatha, lumikizani watsopano kumayambiriro kwa mzere, osati pakati, ndipo musamange mfundo. Siyani michira ya masentimita 15, pamapeto muilowetse m'nsalu ndi singano yosokera ya diso lalikulu.

Mayi wa Mvano, wa ku Matawale:

Zimene anena amayi a ku Domasi ndi zoona, koma munthu wozolowera zipewa akhoza kugwa ulesi ataona mzere umodzi ukumutengera nthawi yaitali. Ife polukira ana obadwa kumene timagawana timabwalo ta masentimita 15 mbali zonse, masitichi 33 kalikonse. Timabwalo 30, tisanu m'lifupi ndi tisanu ndi kamodzi m'litali, timapanga kabulangete ka muyeso womwewo. Kuti mudziwe kuti kabwalo kakwana, pindani ngodya yapansi ifike pasingano. Mbali zikalingana, tsekani. Ubwino wake ndi wakuti ntchitoyo mumayenda nayo m'chikwama ndipo mitundu ya wulu ikhoza kusiyana. Polumikiza gwiritsani ntchito wulu womwewo ndipo musakoke, kuti msoko usatumphuke n'kumakanikiza msana wa mwana.

Bambo wa ku Sadzi:

Ine sindiluka, koma mayi a kunyumba amagula majuzi akuluakulu pakaunjika, n'kuwamasula. Ulusiwo amaukulunga kumsana kwa mpando, amaunyika m'madzi ofunda ndi sopo, ndipo ukauma umakhala utawongoka. Wulu wake umakhala wabwino kuposa wina wa mumsika, pamtengo wochepa.

Mayi wa ku Domasi:

Bambo, njira imeneyo ndimaidziwa ndipo pa juzi ya mwana wa sukulu ndi yabwino. Pa khanda ndingakaike pang'ono. Majuzi ambiri a m'fakitale anadulidwa m'mbali asanasokedwe, moti mukamasula mumapeza tizidutswa tatifupitifupi tofuna mfundo paliponse, ndipo ena ndi a ubweya weniweni wa nkhosa umene umayabwa komanso umakhwinyata n'kuuma gwa ukachapidwa ndi madzi otentha. Mayi wa mwana woyamba, wosagona tulo, sadzakhala ndi nthawi yosamala zimenezo.

Mzamba wopuma pantchito, wa ku Mpondabwino:

Mwana wanga, ine ndiyankhako za chitetezo cha khanda ndi za mphutsi. Pewani mapatani a zibowo zazikulu, ngakhale amakongola pazithunzi, chifukwa tizala ta khanda timakodwamo, ndipo ulusi umodzi wokha ukakulunga kachala ukhoza kutseka magazi mayi asakudziwa chimene mwana akulirira. Musaike mphonje, mabatani, mikanda kapena maliboni. Pogona, mwana agone chagada, kabulangete kafike pachifuwa pokha ndipo kapisidwe m'mbali kuti kasakwere kumaso. Kwathu kuno timakonda kufunditsa makanda zinthu zambirimbiri mpaka kumutu, koma kutenthedwa nakonso n'koopsa. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake, mukapeza thukuta muchotseko chimodzi.

Wulu ukatsala, lukani kachipewa. Khanda limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu, n'chifukwa chake ngakhale m'chisamaliro cha kangaroo, chimene pachipatala chachikulu cha Zomba chinayamba mu 1999, mwana wobadwa masiku asanakwane amaikidwa pachifuwa cha mayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, koma kumutu atavala chipewa.

Mayi anu sakulakwa kuopa mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo komanso pazovala zachinyezi zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo timphutsi tikaswa timaboola khungu n'kuyambitsa chotupa chonga chithupsa. Simbi imapha mazirawo. Komanso inu munamva zoona: wulu wambiri wa mumsika ndi acrylic, wopangidwa ngati pulasitiki, ndipo simbi ya makala imauphwatalalitsa n'kuusiya wolobodoka, kapena kuusungunula kumene. Pachifukwa chomwecho kabulangeteko kasayandikire mbaula. Mukachapa, musakafinye mopotokola. Kakulungeni m'thaulo kuti madzi achoke, kenako mukayale pachitenje choyera pamwamba pa tebulo, m'nyumba momwe ntchentche sizilowa, osati pakapinga kapena pamaluwa. Acrylic amauma msanga. Mwana azikhala atavala kapena atakulungidwa kaye m'nsalu ya thonje yosita, kabulangete kabwere pamwamba. Vutoli limakula m'nyengo ya mvula, choncho m'Juni ndi Julayi musade nkhawa kwambiri, koma chizolowezicho chiyambe msanga, poti kabulangete kadzafika nako Disembala.

Mphunzitsi wa ku Songani:

Ine ndikuona kuti ngati agogo ake sangagone osasita, ndi bwino kungoluka ndi ulusi wa thonje, umene supsa msanga ndi simbi. Kunena zoona, thonje limalemera, silifunda ngati acrylic ndipo limachedwa kuuma kukakhala chiperoni, koma mphatso iyenera kugwirizana ndi manja amene adzaichapa. Mukhoza kuwafotokozera lero, koma tsiku lina inu kulibe, mtsikana wothandiza pakhomo adzasita mulu wonse osasankha.

Agogo a ku Jali:

Za nthawi yoperekera, mdzukulu wanga, kale sitinkaonetsa zinthu za mwana asanabadwe, chifukwa ulendo wa mayi wapakati amaudziwa ndi Mulungu yekha. Masiku ano atsikana a m'tauni amachita maphwando olandirira mphatso mimba ilipo, ndipo kuchipatala nako amafuna kuti mayi afike atakonzeka ndi zitenje ndi zofunda. Funsani mwakachetechete kwa mayi ake a mlamu wanuyo kuti kwawo amachita bwanji. Ngati ali osunga mwambo, malizani ntchito yanu, muichape, muisunge m'sutikesi, mudzapite nayo pokaona mwana akatuluka m'chikuta. Ndipo poti simukudziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, sankhani chikasu chofewa kapena mtundu wobiriwira pang'ono. Woyera mbee sukhalitsa pakhomo pophikira nkhuni.

Wofunsa, wa ku Chinamwali:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndasankha kuluka chidutswa chimodzi chachikulu cha plain yekhayekha monga anenera amayi a ku Domasi, chifukwa misoko ya timabwalo 30 ikundiopsa kuposa mizere yaitali. Wulu ukhala wa acrylic, poti chimene ndikulimbana nacho ndi kuzizira kwa Juni, ndipo za kachapidwe ndidzazilemba pakapepala komanso ndidzawaonetsa mayi kachidutswa koyesera kaja nditakasita dala, kuti aone okha zimene simbi imachita.

Funso latsala limodzi kwa amayi a ku Domasi. Pazipewa zimene ndinalukapo, mzere wotsekera umatuluka wothina kuposa woyambira, moti ndikuopa kuti kabulangete kadzakhala kotambalala pansi koma kofinyika pamwamba. Kodi potseka ndisinthe singano n'kutenga yokulirapo, monga ya mamilimita 5, kapena pali katsekedwe kena kamene kamasiya mphepete yotamuka?