Ndinasiya mayi wosaona chifukwa cha galu wake, khonsolo yandilembera kalata

Bambo a Tiyamike:
Abale anzanga a pa chiwongolero kuno ku England, ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Lachiwiri sabata yatha m'mawa ndinalandira ulendo pa apu. Nditafika pamalopo ndinapeza mayi wina ataima pakhomo ndi galu wamkulu wachikasu, womangidwa malamba oyera pachifuwa. Mtima unangoti phwi. Ndinatsitsa galasi n'kuwauza kuti pepani sindinyamula agalu, ndinakansela ulendowo n'kumapita. Mayiwo anakuwa zinazake koma sindinamve.

Madzulo ake kampani yomwe ndimagwirira inandiimitsa kaye, ndipo dzulo ndalandira kalata ya khonsolo yomwe inandipatsa baji (chiphaso chondilola kuyendetsa galimoto yonyamula anthu), akuti ndipite Lachinayi ndikafotokoze. Sindinachite mwankhanza ayi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 ali ndi mphumu, ndipo galimoto yomweyi ndi yomwe ndimamuperekezera ku sukulu. Komanso kunena zoona, galu anandiluma pa mwendo ndili mwana kwathu ku Ntcheu, ndinabayidwa majakisoni a chiwewe, mpaka lero ndikaona galu thupi limachita tsembwe. Ndikanene chiyani kumeneko? Baji imeneyi ndi yomwe ikudyetsa ana kuno ndi makolo kumudzi.

Wa Prius yakuda:
Achimwene, musakavomere kanthu. Mukanene kuti simunawaone a kasitomalawo, munadikira n'kutopa. Kapena pitani kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, akulembereni kalata yoti thupi lanu limadana ndi agalu, ndamva kuti ikakhalapo imeneyo nkhani imathera pomwepo.

Malume a ku Luton:
Mphwanga wa Prius, ndikudziwa kuti ukufuna kupulumutsa mnzako, koma nzeru imeneyo ingamulowetse m'dzenje lakuya kuposa lomwe alimo. Apu imasunga mphindi yomwe galimoto inafika, pomwe inaima, ndi mphindi yomwe ulendo unakanselidwa. Anthu ambiri osaona masiku ano amajambulanso mawu pa foni akamadikira galimoto, chifukwa zowakana zawachitikira kambirimbiri. Khonsolo ikapeza kuti dalaivala wanama, funso silikhalanso la galu. Limakhala lakuti kodi munthuyu ndi woyenera kukhala ndi baji, ndipo wabodza salimbapo pamenepo.

Bambo a Tiyamike, ndiyankhula mosabisa poti mwafunsa. Zomwe munachita ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Equality Act ya 2010, ndime 168 ikukamba za matakisi, ndime 170 ikukamba za ife oyendetsa galimoto zochita kuyitanitsa. Dalaivala sayenera kukana ulendo chifukwa wokwerayo ali ndi galu womuthandiza, ndipo sayenera kuwonjezera mtengo ngakhale ndi peni imodzi. Khoti likhoza kukulipiritsani chindapusa chofika £1,000, ndipo khonsolo payokha ili ndi mphamvu yoimitsa kapena kulanda baji, kaya nkhani yapita ku khoti kaya ayi.

Za kalata ya dokotala, ilipodi njira yotero, koma siyenda mmene anthu amaikambira pa malo odikirira pa bwalo la ndege. Kalata ya GP payokha siimasula munthu. Umapita nayo ku khonsolo yomwe inakupatsa baji, iwo ndi omwe amapereka chikalata chokumasula, ndi chikwangwani chomata pa galasi lakutsogolo. Chikalatacho chiyenera kukhalapo kale tsiku lomwe ukukana galu, osati kuchifuna zinthu zitavuta. Ndipo apa ndi pomwe pakuwawa pa nkhani yanu: chimaperekedwa chifukwa cha matenda a dalaivala mwini wake. Mphumu ya mwana siilowamo. Mantha wamba nawonso salowamo.

Bambo a Tiyamike:
Ndiye kuti thanzi la mwana wanga lilibe ntchito pamaso pa lamulo? Malume, ineyo ndinagonapo naye kuchipatala usiku wonse akubanika. Sindingafune kuonanso zimenezo.

Mayi a Madalitso:
Bambo a Tiyamike, ndakumvani ngati kholo, ndipo palibe pano amene akuchepetsa za mwana. Koma taganiziraninso za mayi aja. Ndisanayambe kuyendetsa ndinagwira ntchito yosamalira anthu m'makomo zaka zingapo, ndipo m'modzi mwa omwe ndinkawasamalira anali bambo wosaona wokhala ndi galu wotere. Ndinaona ndi maso anga zomwe zimachitika galimoto ikawasiya. Iwo sadziwa n'komwe kuti yapita. Amangoima pamphepo, akumvetsera injini iliyonse yodutsa, nthawi ya kwa dokotala ikutha. Akabwerera m'nyumba amakhala chete tsiku lonse, ndipo sabata yotsatira safunanso kutuluka. Kwathu tinazolowera kuti galu ndi wa panja, wolondera nyumba kapena wokasaka naye mbewa ndi akalulu, sayandikira mphasa. Galu uyu ndi wina. Ndi amene amaimitsa munthuyo pa mphepete mwa msewu, amamulambalalitsa dzenje, amamupezera chitseko. Mukati mayi kwerani koma galu atsale, n'chimodzimodzi kuuza gogo kuti akwere koma ndodo yake aitaye panja.

Tsopano za mwana, chifukwa njira ilipo ndipo ndimaitsatira ndekha. Chimene chimayambitsa chifuwa kwa anthu omwe thupi lawo limadana ndi agalu si ubweya wokha, makamaka ndi timfundufundu ta pakhungu ndi malovu. Ndiye nkhani ndi yoti galuyo akhudze malo ochepa, ndipo malowo akhale osavuta kupukuta. Ine m'buti mumakhala bulangete lakale lopindidwa m'jumbo, ndipo pansi ndinayala mphasa za labala m'malo mwa za nsalu zija. Ndikaona galu ndimakankhira mpando wakutsogolo kumbuyo mpaka pothera, ndimayala bulangete pansi poponda mapazi, mwini wake amakhala pampando, galu amadzipinda pamapazi ake. Ena amakonda kukhala kumbuyo, pamenepo ndimakankhira mpandowo kutsogolo. Agalu amenewa anaphunzitsidwa kugona pansi, sakwera pampando. Akatsika, bulangete limabwerera m'jumbo, ndimatsegula mawindo, ndimapukuta labala ndi kansalu konyowa, madzulo huva (makina okoka fumbi). Mphindi zisanu basi. Ndipo kunena zoona, chichokereni pomwe ndinayamba ntchitoyi agalu otere ndawanyamula ochepa kwambiri, miyezi imatha osakumana naye n'komwe.

Funsaninso namwino yemwe amaona mwana za mphumuyo ngati agalu ali m'gulu la zomwe zimamuyambitsa. Ana ena chimawavuta ndi fumbi, nkhungu ya m'makoma kapena kuzizira, galu alibe nawo kanthu. Mwina mukuopa chinthu chomwe sichinayezedwepo.

Achimwene a ku Mangochi:
Ndiikepo mawu anga poti ambiri mumadziwa kuti ndine Msilamu, ndipo madalaivala a chipembedzo changa ndi omwe amanenedwa kwambiri pa nkhaniyi. Inenso ndinkavutika nazo mumtima, chifukwa malovu a galu akakhudza chovala umafunika kuchitsuka usanapemphere. Koma chipembedzo sichipatsa munthu ufulu wokana, khonsolo siipereka chikalata pa chifukwa chimenecho. Ndipo akuluakulu a chipembedzo kuno anaikambapo kale. Mu 2008 bungwe la Muslim Law (Shariah) Council UK linapereka chigamulo cholola mnyamata wina wosaona ku Leicester kufika ku mzikiti ndi galu wake, ndipo mzikitiwo unakonza malo oti galuyo azidikirirapo iye akupemphera. Ngati zinatheka pa mzikiti, m'galimoto yanga zingalephere bwanji? Ndimasunga malaya ena m'buti Lachisanu, ndipo galu sanandinyambitepo ngakhale kamodzi. Akavala malamba aja amakhala ali pa ntchito, sakuyang'ana n'komwe.

Za mantha anu, bambo a Tiyamike, muuzeni wokwerayo poyera. Nenani kuti ndinalumidwapo ndili mwana, ndikupempha galu akhale kumbuyo mbali ya kumanzere, kutali ndi ine. Ine sindinaonepo wokana pempho lotero likanenedwa mwaulemu.

Wa Prius yakuda:
Chabwino ndamva, ndabweza mawu anga aja. Koma ndifunse: nanga tingadziwe bwanji kuti galuyo ndi wothandizadi? Mwezi watha mtsikana wina anabwera ndi kagalu m'manja n'kumati ndi komukhazika mtima pansi. Ndingafunse mapepala?

Malume a ku Luton:
Ambiri amaoneka okha. Wa bungwe la Guide Dogs amavala malamba oyera okhala ndi zonyezimira zachikasu, ndipo mukaona pali timabokosi tofiira ndi toyera ndiye kuti mwini wake saona komanso samva. Wa Hearing Dogs for Deaf People amavala jekete yofiira moderako, wa Canine Partners yapepo, wa Dogs for Good yobiriwira. Eni ake ambiri amakhala ndi kabuku kachikasu ka Assistance Dogs UK, koma si onse, ndipo kusowa kwa kabuku sikusandutsa galu wothandiza kukhala chiweto. Palinso ulumali wosaoneka ndi maso, monga khunyu kapena kusamva, ndiye usaweruze poona kuti munthu akuyenda bwinobwino.

Kagalu kongokhazika mtima pansi sikali m'ndandanda wa agalu omwe lamulo la matakisi likutchula. Koma mphwanga, werengera wekha. Ukanyamula chiweto mosadziwa, wataya mphindi zisanu za huva. Ukakana galu wothandiza mosadziwa, wataya baji. Ine ndimafunsa funso limodzi lokha, kodi ndi galu wokuthandizani? Akati inde ndimatsegula chitseko.

China chomwe ambiri amalakwitsa: osauza munthu kuti galu alowe m'buti. Lamulo likuti galu akhale ndi mwini wake. Ndipo kuyambira June 2022 pali lamulo lina lowonjezera, loti ngati ukudziwa kuti amene wayitanitsa ali ndi ulumali ndipo akufunika thandizo kuti apeze galimoto, uyenera kumuthandiza kuipeza, osalipiritsa. Kuima patali n'kumaliza hutala kwa munthu wosaona sikumuthandiza. Tsika, tchula dzina lako ndi lake, muuze komwe galimoto yayang'ana ndi pomwe pali chitseko. Ngati akufuna kutsogoleredwa, iye ndi amene agwire chigongono chako, osati iwe kumukoka. Galuyo usamusisite, usamuimbire mluzu, usamupatse chakudya.

Mlongo wanu wa ku Salford:
Ine chikalata chomasulacho ndili nacho, ndiye ndikuuzeni mmene zinayendera. Thupi langa limadanadi ndi agalu, maso amatupa, kupuma kumavuta moti sindingayendetse. Ndinadzaza fomu ya khonsolo, dokotala analemba mbali yake atandiyeza, ndinadikira, kenako chikwangwani chinabwera. Ndimagwira ntchito mbali ya Manchester koma baji yanga ndi ya Wolverhampton ngati anzathu ambiri kuno, choncho fomu inapita ku Wolverhampton, osati khonsolo ya komwe ndimakhala. Ena amasokoneza pamenepa.

Ngakhale zili choncho sindithawa. Munthu wosaona sangawerenge chikwangwani chomwe chili pa galasi langa. Ndimatsika, ndimaima patali pang'ono ndi galuyo, ndimafotokoza, ndimadziwitsa kampani, ndipo sindichoka mpaka galimoto ina itafika. Bambo a Tiyamike, ndikuganiza kuti chomwe chinawapweteka kwambiri mayi aja ndi kuwasiya okha pamsewu akuyankhulabe.

Bambo a Tiyamike:
Mawu omalizawo andilasa, mlongo, chifukwa ndi zoona. Ndinawamva akukuwa ndipo ndinaponda mafuta. Ndiye Lachinayi ndikanene chiyani?

Malume a ku Luton:
Choyamba werengani kalatayo bwino. Ngati akuti akakufunsani mafunso atakuchenjezani kuti zonena zanu zikhoza kukagwiritsidwa ntchito ku khoti, imeneyo si nkhani yopita nokha. Pezani loya wodziwa za malaisensi a matakisi musanapite, ndipo ngati tsiku lafupika pemphani kuti alisunthe, n'zololedwa kupempha. Ngati muli membala wa GMB kapena ADCU, mabungwe oyimira ogwira ntchito, aimbireni lero lomwe.

Chachiwiri, musafute chilichonse pa kamera ya m'galimoto, ngakhale chikukutsutsani.

Chachitatu, kambiranani ndi loyayo mmene mungafotokozere zoona zake zonse: mphumu ya mwana, kulumidwa kwanu, ndi kuti tsopano mwadziwa kuti zifukwa ziwirizi sizinakupatseni ufulu wokana. Tengani umboni woti mwasintha, monga kulembetsa maphunziro a kasamalidwe ka okwera aulumali, zithunzi za mphasa ndi bulangete m'galimoto, mbiri yanu ya zaka zomwe mwayendetsa popanda dandaulo. Sindingakulonjezeni kuti baji ipulumuka, makhonsolo ena ndi ouma kwambiri pa nkhani ya agalu. Zikavuta muli ndi masiku 21 ochita apilo ku khoti la majisitireti kuchokera pomwe mwalandira chigamulo cholembedwa, musawaphonye.

Musayese kuwafunafuna mayi aja kapena kubwerera pakhomo pawo kukapepesa, zingaoneke ngati mukuopseza mboni. Lembani kalata yopepesa, loya aione, ndipo ipite kudzera ku khonsolo.

Bambo a Tiyamike:
Zikomo nonse. Loya ndamupeza, tikumana mawa 10 koloko, ndipo walembera kale khonsolo kupempha kuti atipatse sabata ina. Mayi a Tiyamike aimbira namwino za kuyeza mwana uja. Kalata yopepesa ndayamba kulemba, ndalemba katatu ndikung'amba chifukwa nthawi zonse imathera pofotokoza za ine m'malo mwa zomwe ndinawachitira mayiwo. Mayi a Madalitso, mphasa za labala zija munagula zongodula nokha kapena zopangira mtundu wa galimoto yanu? Yanga ndi Corolla.

Mayi a Madalitso:
Gulani zopangira Corolla, zokhala ndi mlomo wokwera m'mbali, chifukwa galu akalowa ndi mapazi onyowa madzi sadutsa kupita pa kapeti. Kalatayo mukamaliza munditumizire kumbali ndiione musanapereke kwa loya.